Foni yatsopano: zoti muchite tsiku loyamba

Sabata yatha ndinagula Tecno Spark, nditakhala zaka 4 ndi kafoni kosweka galasi. Chinandisangalatsa poyamba ndi kuwala kwa sikirini: ngakhale panja dzuwa likuswa mtengo, uthenga ukuwerengeka bwinobwino.

Koma musathamangire kuyiyatsa. Yambani ndi foni yakale. Mu WhatsApp pitani pa Settings, Chats, kenako Chat backup, musunge zonse ku Google Drive. Apa ndi pamene ambiri amalira, chifukwa mukapanda kusunga, zithunzi za ana ndi mauthenga a gulu la banki m'khonde zimapita osabwerera. Onetsetsaninso kuti manambala a anthu ali mu akaunti ya Google, osati m'foni mokha.

Mukatero chotsani SIM ndi kapini kam'bokosi kaja, muyike mu yatsopano. Ikayaka ifunsa Gmail ndi pasiwedi. Lowetsani yanu yakale yomweyo. Ine ndinadikira mpaka kufika pa Wi-Fi ya kuntchito, chifukwa mapulogalamu akayamba kutsika bandulo imatha ngati mchere m'madzi. Mu Play Store sankhaninso kuti azidzikonza pa Wi-Fi pokha.

WhatsApp idzakutumizirani manambala 6 pa SMS. Alembeni, kenako dinani Restore. Mukalumpha pamenepa, macheza akale savuta kutayika.

Loko ya PIN kapena chala ikani tsiku lomwelo, makamaka ngati mumasunga ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Kenako imbani *#06#, mulembe nambala ya IMEI (nambala yozindikirira foni yanu, yomwe ioneke pa sikirini) papepala ndi kulisunga pamodzi ndi lisiti. Apolisi amaifuna foni ikabedwa.