Tchuthi cha ku Fiji kuchokera ku Johannesburg: yambani ndi mapepala

Musanagule tikiti, tsegulani pasipoti muone masiku awiri: tsiku lomwe pasipotiyo ithere ndi tsiku lomwe pemiti yanu yokhalira muno mu South Africa ithere. Fiji imafuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuwerengera tsiku lonyamuka kumeneko, komanso muonetse tikiti yobwerera. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena South Africa safunika viza. Amamudindira chilolezo cha mlendo pabwalo la ndege la Nadi, chofika mpaka miyezi 4.

Pemiti ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Ngati inatha inu muli muno, a Home Affairs pa OR Tambo amakulolani kutuluka koma amakuletsani kubwerera: chaka chimodzi ngati mwapyola ndi masiku osakwana 30, zaka 5 ngati mwapyola kwambiri. Ntchito, nyumba ndi ana zimatsala kuno inu muli kunja. Choncho amene pemiti yake ikudikirabe yankho, ulendo uyambe waima.

Ndege yopita ku Fiji mwachindunji kulibe. Njira yachidule ndi Qantas kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Sydney, pafupifupi maola 12, kenako maola 4 kukatera ku Nadi. Koma wa pasipoti ya Malawi amafunika viza yodutsira ku Australia, yotchedwa subclass 771, ngakhale asatuluke m'bwalo la ndege. Ndi yaulere, imalola maola 72, ndipo amafunsira pa intaneti kudzera pa ImmiAccount, tsamba la boma la Australia lofunsirapo ma viza. Funsirani kudakali masabata angapo, chifukwa popanda vizayi sakukwezani ndege pa OR Tambo pomwepa. Kawirikawiri ndegeyi imafika ku Sydney masana, ndege zambiri zopita ku Nadi zitanyamuka kale, ndiye konzekerani ndalama yogonera usiku umodzi.

Ife timalangiza Amalawi kudzera ku Singapore. Mtunda ndi wautali, maola 10 kapena 11 kukafika ku Singapore ndi enanso pafupifupi 10 pa Fiji Airways, koma kumeneko pasipoti ya Malawi siifuna viza. Ndege ya Singapore kupita ku Nadi sinyamuka tsiku lililonse, choncho yambani mwapeza tsiku lake kenako musankhe lonyamuka kuno. Gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi. Mukagula padera-padera, yoyamba ikachedwa yachiwiri imakusiyani ndipo palibe wokubwezerani ndalama.

Nkhani ya nyengo imapweteka pang'ono kwa ife ogwira ntchito kuno, poti tchuthi chachikulu timachipeza mu Disembala. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ku Fiji ndi nthawi ya mvula ndi anamondwe. Namondwe Winston, amene anawononga kwambiri dzikolo, anafika mu Febuluwale 2016. Nyanja ikakwiya maboti amaima ndipo mutha kutsekeredwa pachilumba ndege yanu n'kupita. Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Okutobala. Mu Julayi mitengo imakwera chifukwa ana asukulu a ku Australia ndi New Zealand amakhala atatsekera. Pemphani tchuthi cha mu Meyi kapena kumapeto kwa Okutobala, masiku osachepera 12, poti anayi amathera m'njira. Nthawi ya ku Fiji ili patsogolo ndi maola 10, ndipo thupi limatenga masiku awiri kapena atatu kuti lizolowere.

Mchenga woyera womwe mumauona pazithunzi uli kuzilumba za Mamanuca ndi Yasawa, osati ku Nadi. Maboti amanyamukira pa Port Denarau, ndipo boti lopita ku Yasawa, lotchedwa Yasawa Flyer, limanyamuka kamodzi patsiku, m'mawa. Gonani ku Nadi usiku woyamba ndi womaliza. Funsani ngati mtengo wa chipinda ukuphatikiza chakudya, chifukwa malo ambiri ku Yasawa amakakamiza kulipira chakudya padera ndipo kulibe sitolo ina yothawirako. Tapani madola a ku Fiji pa ATM ya ku Nadi, musadalire marandi. Mapulagi athu a kuno salowa. Gulani adaputala ya mtundu wa ku Australia. Usipa, biltong, ufa ndi mbewu zisiyeni kunyumba, ndipo chakudya chilichonse chomwe mwanyamula chilembeni pa fomu yolowera, apo ayi amalipiritsa chindapusa.

Malungo kulibe, koma kuli dengue, yomwe udzudzu wake umaluma masana. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu kukacha, osadikira madzulo. Wodziwa kusambira ku Salima asadzithembe: nyanja iyi imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo pamipata ya matanthwe a m'madzi pamakhala mkokomo wokokera kunja. Funsani eni malo nthawi yolowera, valani nsapato za m'madzi, ndipo bala la korali (matanthwe akuthwa a m'nyanja) litsukeni ndi sopo nthawi yomweyo chifukwa limatukusira msanga.

Mukafuna kuona mudzi, musangolowa. Gulani mizu ya yaqona (chomera chomwe amapangira chakumwa cha pamwambo) pamsika wa ku Nadi, pafupifupi theka la kilogalamu, wokutsogolerani akaipereke kwa amfumu; mwambowu amautcha sevusevu. Vulani chipewa, phimbani mapewa ndi mawondo (chitenje chimakwanira), ndipo musagwire mutu wa munthu, ngakhale wa mwana. Akakupatsani chikho cha yaqona, ombani m'manja kamodzi, nenani "bula" (moni wa kumeneko), imwani kamodzi n'kamodzi, kenako ombani katatu. Lamulungu ndi tsiku la tchalitchi, ndiye ulendo wa kumudzi uikeni mkati mwa sabata.