Kuyamba Kujambula Tizithunzi ta Masewera a Pakompyuta

Yambani ndi malo aang'ono, a timadontho (ma pixel, timabokosi ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi cha pakompyuta) 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere monga Piskel kapena LibreSprite. Sankhani chimene mumachiona tsiku ndi tsiku muno mu Mzuzu, mwachitsanzo wakabaza wa ku Chibavi, ndipo mujambule kaye thupi lake lonse ndi mtundu wakuda wokha, pakuti ngati sakuzindikirika pamenepo, mitundu yambiri sidzathandiza kanthu.

Kenaka onjezani mitundu itatu kapena inayi, kuwala kuzichokera mbali imodzi. Pamizere yopendekera, timadontho tizitsika mofanana ngati masitepe. Apa mpofunika kudekha kwambiri, chifukwa kadontho kamodzi kosokera kamaononga nkhope yonse. Muzichepetsa chithunzicho pafupipafupi kuti muone mmene chidzaonekere m'masewera.

Chisungeni ngati fayilo ya PNG, chifukwa fayilo ya JPEG imasokoneza m'mphepete ndipo imatseka mbali zimene munazisiya zopanda mtundu.