Mpweya wa poizoni ukatuluka pafupi ndi kwanu kuno ku Joni, tengerani nzeru kwa asilikali a pa sitima

Abale anga a kuno ku Joni, makamaka inu okhala m'mikhukhu cha ku East Rand uko kapena pafupi ndi mafakitale a ku Germiston ndi Wadeville, iyi muiwerenge bwinobwino. Pa 5 July 2023 anthu 17 anamwalira ku Angelo ku Boksburg, ena mwa iwo ana, silinda ya gasi yomwe ankagwiritsa ntchito a zama zama, okumba golide mozemba aja, itayamba kudontha. Sikunali moto, sikunali bomba, anthu anangopuma mpweyawo basi.

Amene anaiganizira kwambiri nkhani ngati imeneyi ndi asilikali a pamadzi, chifukwa sitima ikakhala pakati pa nyanja mdani n'kuponya zida za makemikolo, za tizilombo ta matenda kapena za nyukiliya, munthu alibe tchire lothawirako. Masitima ambiri ankhondo amakono, amtundu ngati wa SAS Amatola ndi SAS Mendi a dziko lino omwe amakhala ku Simon's Town pafupi ndi Cape Town, amamangidwa mwakuti mkati mwake mutha kutsekedwa kotheratu, malo amenewo amawatcha citadel. Zitseko zonse amatseka, mpweya umalowa kudzera m'mafiluta okhala ndi makala apadera, ndipo amaupopa kuti wamkati ukhale wamphamvu kuposa wakunja, ndiye pakapezeka kabowo mpweya umatuluka m'malo molowa. Kunja kwa sitima kuli timipopi tomwe timawaza madzi a m'nyanja paliponse kuti poizoni asamatirire pa chitsulo. Ife mafiluta tilibe koma nzeru yakeyo titha kuitenga.

Choyamba ndi mphepo. Woyendetsa sitima akangomva kuti kuli mtambo woipa amayamba waona komwe mphepo ikuchokera n'kukhotetsa sitima, inunso chimodzimodzi, mukamva fungo lachilendo, maso n'kuyamba kuyabwa kapena mukaona anthu ndi agalu akugwa, yang'anani utsi kapena zovala za pa chingwe kuti zikuulukira kuti. Musathawire komwe mphepo ikupita, mtambowo ukupezani. Thawirani cham'mbali modula mphepoyo, kenako mulowere komwe ikuchokera mutalambalala malo odonthawo. Ndipo kwerani kumtunda. Klorini ndi gasi wophikira uja ndi olemera kuposa mpweya wamba, amatsetserekera m'ngalande, m'zigwa ndi m'zipinda za pansi pa nyumba, n'chifukwa chake wogona pa matiresi pansi komanso mwana wamng'ono ndi amene amayamba kukomoka. Mwana mnyamuleni pamapewa, asayende yekha.

Chonde musapite kukaonerera. Pa 24 December 2022 galimoto yonyamula thanki ya gasi inakanirira pansi pa mlatho pafupi ndi chipatala cha Tambo Memorial ku Boksburg komweko, anthu anasonkhana ena akujambula pa foni, itaphulika anthu 41 anataya miyoyo. Ngati fungo lili la gasi woyaka musayatse machesi, musakhudze switchi ya magetsi, musalize galimoto, ingochokani wapansi mupite kutali.

Nanga kudzitsekera m'nyumba ngati citadel ija? Apa pafunika kuganiza. Ngati muli m'fulati kapena nyumba ya njerwa, mpweyawo ukuchokera patali ndipo kunja kwadzadza kale, kukhala mkati kuli bwino kuposa kuthamanga mumsewu ndi ana. Sankhani chipinda cham'mwamba chokhala ndi mawindo ochepa, tsekani zonse, zimitsani fani, matani selotepi yaikulu ija m'mbali mwa mawindo, mabowo a mpweya a pakhoma muwatseke ndi pulasitiki, pansi pa chitseko ikani thaulo lonyowa. Koma mkhukhu wa malata uli ndi mipata paliponse, sungasunge munthu, ngati gasi akudontha pafupi tulukani msanga. Chinanso chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mbaula. Mu June ndi July kuno kumazizira zoopsa ndipo ambiri timagona ndi mbaula kapena hita ya parafini, ndiye mukamata mabowo onse makala akuyaka mkati mwadzipangira poizoni wina wosanunkha n'komwe, amene amapha munthu ali m'tulo. Tulutsani mbaula kaye musanatseke. Ndipo kutsekaku n'kwa kanthawi chabe, a ozimitsa moto akanena kuti kunja kwayera tsegulani zonse inu mutuluke, chifukwa nthawi imeneyo mpweya woipa wotsala umakhala uli mkati.

Za masiki ndinene mwachidule, ija ya nsalu kapena yabuluu ya nthawi ya Covid siitchinga gasi. Ya asilikali imagwira nkhope yonse ndipo ili ndi filuta. Nsalu yonyowa pamphuno ingothandizako pang'ono pomwe mukuthawa, isakupatseni mtima wobwerera kukatenga foni kapena pasipoti.

Tsopano chomwe ndikufuna muchisunge kwambiri, kuvula ndi kusamba. Pa 2 December 1943 ndege za Germany zinaphulitsa masitima pa doko la Bari ku Italy, ndipo imodzi mwa masitimawo, John Harvey ya ku America, inanyamula mwachinsinsi mabomba a mustard gas, poizoni wankhondo wowotcha khungu ndi maso. Poizoniyo anasakanikirana ndi oyilo pamadzi. Amalinyero omwe anavuulidwa anawafunditsa mabulangete zovala zawo zonyowa zili m'thupi chifukwa madokotala sankadziwa, ankaona ngati vuto ndi kuzizira basi, patapita maola khungu linayamba kutuluka matuza, maso kutupa osaona, ndipo ambiri anafa amene akanangowavula n'kuwasambitsa bwenzi atapulumuka. Lero pa sitima munthu wochokera kunja salowa mu citadel asanadutse posambira, amavula zonse kaye.

Ndiye wina akathiridwa kemikolo kuntchito kapena wadutsa mu mtambo, mufikitseni pa mpweya wabwino, inu muvale magulovu kapena majumbo m'manja, kenako muvuleni. Kungovula kokha kumachotsa poizoni wochuluka zedi. Malaya kapena juzi musavulire kumutu chifukwa mupaka m'maso ndi mkamwa, dulani ndi sizasi kuchokera pakhosi kutsika. Zovalazo ikani m'jumbo, mangani, ikaninso m'jumbo ina, zisiyeni panja. Muthireni madzi ambiri, a pampopi kapena a m'ndowa, ofunda pang'ono ngati alipo koma osati otentha, ndi sopo wamba, osakhula mwamphamvu ayi. Maso mutsukeni kwa mphindi 15, mutu utapendekeka kuti madzi asachoke ku diso lina kupita ku linzake. Ndikudziwa kuti kwathu kuvula pagulu n'kovuta, makamaka kwa amayi ndi akuluakulu, ndiye amayi awiri agwire zitenje kutchinga, wachitatu azithira madzi, zitheka. Akatha mufunditseni bulangete loyera.

Ngati mnzanu wagwa mkati mwa chipinda, m'thanki kapena m'dzenje momwe muli gasi, musalowe kukamutenga opanda zida, mugwera pomwepo nonse awiri. Mtima umapweteka koma itanani ozimitsa moto.

Poizoni wina tili naye m'nyumba momwe. Mu October 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi ku Soweto ndi terbufos, mankhwala a kumunda omwe anthu amagulitsa mumsewu ngati ophera makoswe. Ali m'gulu limodzi ndi sarin, chida chankhondo chija, amagwira mitsempha mofanana. Zizindikiro zake ndi dovu lambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kadontho kakuda ka m'diso kuchepa kwambiri, kunjenjemera ndi kubanika. Msilikali amayenda ndi jakisoni wodzibaya pa ntchafu wa atropine, mankhwala olimbana ndi poizoni wotereyu, ife atropine timakamupeza kuchipatala, ndiye musataye nthawi ndi mkaka kapena kumusanzitsa, mugonekeni cham'mbali, tengani kapepala ka mankhwalawo muthamange naye. Inu ogwira ntchito m'nyumba za mabwana, Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi kapena okhala ndi amoniya, mpweya wotulukawo umawotcha mapapo, makamaka m'bafa lotseka.

Za nyukiliya sindikhalitsapo. South Africa inaphwasula mabomba ake onse 6 ndipo pulezidenti wa nthawiyo FW de Klerk analengeza zimenezi mu 1993, chomwe chatsala pafupi nafe ndi riyakitala (makina a mphamvu ya nyukiliya) ya kafukufuku ku Pelindaba cha ku Hartbeespoort. Kutachitika ngozi yotere njira ndi yomweyi, lowani mkatikati mwa nyumba ya njerwa, vulani, sambani, idyani zotsekedwa bwino ndipo mverani wailesi. Mu 2011 sitima ya ku America ya USS Ronald Reagan itakhudzidwa ndi fumbi la ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima ku Japan, asilikali anaikolopa pamwamba ndi madzi, sopo ndi mabulashi.

Poitana thandizo imbani 112 pa foni ya m'manja, imalowa ngakhale mulibe airtime, kapena 10177 ya ambulansi. Nenani dera, chizindikiro chapafupi monga garaji kapena sukulu, fungo lomwe mukumva ndi anthu angati agwa, ndipo mukafika kuchipatala auzeni pakhomo pomwe kuti munthuyu wakhudzidwa ndi kemikolo musanalowe naye. Amene mapepala anu sali bwino musabise wodwala m'nyumba chifukwa cha mantha, gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati palibe munthu amene ayenera kukanizidwa thandizo la chipatala la mwadzidzidzi. Weekend ino mukapita kogula zinthu mugulireko selotepi, sizasi, majumbo akuda aja ndi chigubu cha malita 20, muziike pafupi ndi chitseko, ndipo mukambirane ndi aneba a pa yadi panu kuti malo okwera okakumanako ndi ati.