Momwe mungadziwire ngati nkhondo ya ku Ukraine ikufalikiradi kumayiko ena

Kuchokera pa 24 Febuluwale 2022, tsiku lomwe asilikali a Russia adalowa mu Ukraine kudzera kumpoto, kum'mawa ndi kumwera, uthenga woti nkhondo yachitatu ya dziko lonse yayambika wakhala ukubwerabwera m'mafoni a anthu. Mzinga ukagwera m'dziko loyandikana ndi Ukraine, uthengawo umabuka. Mtsogoleri wina akangotchula zida za nyukiliya, umabukanso. Manthawa ali ndi pogwira, chifukwa Russia ndi America ali ndi pafupifupi 90 peresenti ya mabomba onse a nyukiliya padziko lapansi. Vuto ndi loti munthu amene amadzidzimuka ndi uthenga uliwonse amatopa msanga, ndipo chinthu chenicheni chikadzachitika sadzachisiyanitsa ndi phokoso la masiku onse. Anthu amene amatsata nkhondo ngati ntchito yawo ali ndi muyeso umodzi: amayang'ana zimene maboma akuchita ndi asilikali, zida ndi akazembe awo, ndipo zonena za atsogoleri amaziika pambuyo.

Onani mmene nkhondoyi idayambira. Mpaka masiku omaliza, boma la Russia linkakana kuti lili ndi cholinga cholowa mu Ukraine. Koma zithunzi za setilaiti zinkaonetsa asilikali oposa 100,000 atasonkhana m'malire, pamodzi ndi akasinja ndi zipatala za m'matenti. Ena adalowa mu Belarus ponena kuti akukaphunzira zankhondo. Kampani ya ndege ya KLM idaimitsa maulendo opita ku Ukraine pa 12 Febuluwale, America idasamutsa ofesi ya kazembe wake kuchoka ku Kyiv kupita ku Lviv pa 14 Febuluwale, ndipo pa 21 Febuluwale mtsogoleri wa Russia, Vladimir Putin, adavomereza zigawo za kum'mawa kwa Ukraine za Donetsk ndi Luhansk ngati mayiko oima paokha. Zinthu zimenezi zimadya ndalama zambiri ndipo n'zovuta kuzibisa, n'chifukwa chake zimanena zoona kuposa mawu. Choncho mukamva kuti nkhondo ikufalikira kudziko lakutilakuti, funsani izi: kodi akazembe ndi mabanja awo akuchotsedwa? Kodi ndege zonyamula anthu zaleka kudutsa mumlengalenga mwa dzikolo? Kodi boma laitana asilikali opuma kuti abwerere kuntchito, monga Russia idachitira pa 21 Sepitembala 2022 poitana anthu 300,000? Ngati yankho ndi ayi pa zonsezi, uthengawo ukadali mawu chabe.

Uthenga woopsa ukafika, dikirani maola 24

Madzulo a pa 15 Novembala 2022 mzinga udagwa m'mudzi wa Przewodów ku Poland, pafupi ndi malire a Ukraine, ndipo udapha anthu awiri. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press lidalemba kuti mizinga ya Russia yagwera m'dziko la NATO (mgwirizano wa zachitetezo wa America, Canada ndi mayiko a ku Ulaya), potengera munthu mmodzi wa zaukazitape yemwe silidamutchule dzina. Usiku wonse anthu adali kulembana kuti basi zatha, NATO ilowa nkhondo. Kutacha, mtsogoleri wa Poland wa nthawiyo, Andrzej Duda, ndi mlembi wamkulu wa NATO wa nthawiyo, Jens Stoltenberg, adanena kuti zikuoneka kuti udali mzinga wa Ukraine wotchingira mizinga ya adani umene udasochera. Associated Press idakonza nkhani yake.

Apa mpomwe timaphunzira kuti ngakhale atolankhani odalirika amaphonya m'maola oyambirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musatumize uthengawo kwa wina aliyense mpaka zinthu zitatu zitachitika: boma la dziko lomwe lakhudzidwa lalankhula lokha, mabungwe ankhani awiri osatengerana atsimikiza (ngati onse akuti "malinga ndi Reuters", ndiye kuti gwero ndi limodzi), ndipo pali munthu wotchulidwa dzina ndi udindo amene waima pankhaniyo. Mawu oti "mkulu wina yemwe sadafune kutchulidwa" sakwanira pa nkhani yaikulu chotere.

Vidiyo ndi zithunzi

Bodza lambiri la m'nkhondoyi si lopangidwa ndi makina ozama. Ndi vidiyo yakale, kapena ya kudziko lina, yomwe wina waipatsa mutu watsopano. Masiku oyamba kudafala mavidiyo ochokera m'masewera a pakompyuta monga Arma 3 ndi Digital Combat Simulator. Ina mwa iwo ankati ikuonetsa woyendetsa ndege wotchedwa Ghost of Kyiv akugwetsa ndege za Russia, koma kumapeto kwa Epulo 2022 gulu lankhondo la mumlengalenga la Ukraine lidavomereza kuti munthuyo kudalibe. Asilikali 13 a pachilumba cha Snake Island, omwe adalengezedwa kuti afa, adapezeka ali moyo m'manja mwa Russia. Pa 16 Malichi 2022 kudatuluka vidiyo yopeka ya mtsogoleri wa Ukraine, Volodymyr Zelensky, akuuza asilikali ake kuti atule zida. Mbali zonse ziwiri zili ndi chifukwa chokometsera nkhani, ndiye musamaifewere vidiyo chifukwa choti ikukomera mbali yomwe mumaimvera chisoni.

Kufufuza kwake kumatenga mphindi zosakwana khumi. Imitsani vidiyoyo pamalo atatu kapena anayi osiyana, makamaka pomwe pakuoneka nyumba, chikwangwani kapena msewu, ndipo jambulani sikirini. Zithunzizo ziikeni mu Google Lens, TinEye ndi Yandex Images. Zitatuzi sizipeza zofanana, ndipo Yandex imachita bwino pa malo a kum'mawa kwa Ulaya. Chomwe mukufuna ndi tsiku loyamba lomwe chithunzicho chidaoneka pa intaneti. Chikapezeka kuti chidalipo nkhani yomwe akunenayo isanachitike, mwamaliza. Pakompyuta, chida cha InVID-WeVerify chimadula vidiyo m'zithunzi chokha.

Mukapanda kupeza kanthu, sizitanthauza kuti vidiyoyo ndi yoona. Yang'anani nyengo: mitengo ya masamba obiriwira siigwirizana ndi Ukraine wa mu Januwale. Yang'anani zilembo za pazikwangwani ndi manambala a galimoto. Vidiyo za m'masewera kawirikawiri zimakhala zausiku, zosaoneka bwino mwadala, kamera ikutsata ndege mosagwedera, ndipo sumva mawu a anthu ochita mantha chapafupi. Ngati vidiyoyo ndi yofunikadi, magulu ofufuza monga Bellingcat ndi nthambi zotsimikizira nkhani za AFP, Reuters ndi BBC amakhala ataiunika pasanathe masiku ochepa.

Gawo 4 ndi Gawo 5 la pangano la NATO

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Ukraine si membala wa NATO, choncho palibe lamulo lokakamiza mgwirizanowu kuti uimenyere nkhondo. Kutumiza zida ndi ndalama ndi chisankho cha dziko lililonse palokha. Zelensky atapempha kuti NATO itseke mlengalenga mwa Ukraine, mgwirizanowu udakana pa 4 Malichi 2022, chifukwa kutero kukadatanthauza kugwetsa ndege za Russia, komwe ndi kulowa nkhondo maso ndi maso.

Pangano la NATO lidasainidwa ku Washington mu 1949, ndipo lero mamembala ndi 32, Finland italowa mu 2023 ndi Sweden mu 2024. Gawo 4 limalola membala aliyense kuitanitsa zokambirana akaona kuti chitetezo chake chili pachiopsezo. Ndi msonkhano basi. Mayiko asanu ndi atatu adaligwiritsa ntchito pa 24 Febuluwale 2022, ndipo Poland idaliitanitsanso mu Sepitembala 2025 madironi a Russia atalowa mumlengalenga mwake. Palibe nthawi imene Gawo 4 lidatsatidwa ndi nkhondo ya NATO ndi Russia.

Gawo 5 ndi lija limati kuukira membala mmodzi ndi kuukira onse. Lagwiritsidwapo ntchito kamodzi kokha, America itaukiridwa pa 11 Sepitembala 2001. Silingoyamba lokha mzinga ukagwa: mamembala amakumana ndi kugwirizana kaye, ndipo mawu a panganolo amasiyira dziko lililonse ufulu wochita chimene laona kuti n'choyenera, kaya ndi nkhondo kaya njira ina. Ndiye mukawerenga kuti "NATO yaitanitsa msonkhano wadzidzidzi", fufuzani nambala ya gawolo musanachite mantha.

Zida za nyukiliya

Pa 27 Febuluwale 2022 Putin adalamula kuti magulu oyang'anira zida za nyukiliya akhale tcheru mwapadera. Mu Febuluwale 2023 adaimitsa kutengapo mbali kwa Russia pa pangano lake ndi America la New START, lomwe linkaletsa mbali iliyonse kupitirira mabomba 1,550 okonzeka kuponyedwa patali. Mwezi wotsatira adalengeza zoika zida za nyukiliya ku Belarus, ndipo mu Novembala 2024 adasintha malamulo a Russia onena za nthawi yomwe zidazi zingagwiritsidwe ntchito. Zonsezi ndi zenizeni ndipo zachepetsa chitetezo cha dziko lapansi. Sitiyenera kuzipeputsa.

Komabe yang'anani zochita. Mabomba ang'onoang'ono a nyukiliya a Russia sakhala atamangiriridwa kale kumizinga. Amasungidwa m'nkhokwe zapadera, ndipo kuti agwiritsidwe ntchito ayenera kutulutsidwa ndi kunyamulidwa, zomwe masetilaiti a mayiko ena amalondera usana ndi usiku. Akuluakulu a America akhala akunena mobwerezabwereza kuti sadaone kusintha kowachititsa kusuntha zida zawo. Mu Malichi 2022 America idaimitsa kuyesa mzinga wake wa Minuteman III poopa kuti Russia ingatanthauzire molakwika. Ndipo pa 21 Novembala 2024, Russia isanaponye mzinga watsopano wa Oreshnik pa mzinda wa Dnipro ku Ukraine, idadziwitsa kaye America kudzera pa njira yolumikizirana yopewera ngozi za nyukiliya. Mayiko omwe akuchenjezana chotere akuonetsa kuti sakufuna kugwera m'nkhondo mwangozi. Chomwe chingakhale chizindikiro choopsa ndi kudulidwa kwa njira zolumikiziranazi, kutulutsidwa kwa mabomba m'nkhokwe, kapena kuyambiranso kuphulitsa mabomba a nyukiliya poyesa.

Chiopsezo china ndi cha malo opangira magetsi a nyukiliya a Zaporizhzhia ku Ukraine, aakulu kuposa onse ku Ulaya, omwe Russia idawalanda pa 4 Malichi 2022. Makina ake onse asanu ndi limodzi adali atazimitsidwa pofika mu Sepitembala 2022, koma amafunikabe magetsi ndi madzi oziziritsira, ndipo mawaya a magetsi akaduka amadalira majenereta a dizilo. Bungwe loona za mphamvu za nyukiliya padziko lonse la IAEA lili ndi akatswiri ake pamalopo ndipo limatulutsa malipoti. Nkhani iliyonse ya Zaporizhzhia iyerekezeni ndi malipoti amenewo.

Mantha amenewa ndi amene adachititsa anthu ambiri ku Ulaya kuthamangira mapiritsi a potassium iodide mu Malichi 2022. Mapiritsiwa amateteza chithokomiro chokha, ndipo amachiteteza ku ayodini wa nyukiliya yekha, osati ku cheza china chilichonse choopsa. Amagwira ntchito akamwedwa mkati mwa maola 24 munthu asanapume mpweya woipawo, kapena maola ochepa chabe pambuyo pake. Mulingo wa WHO ndi mamiligalamu 130 kwa wamkulu ndi mwana woposa zaka 12, 65 kwa mwana wa zaka 3 mpaka 12, 32 kwa wa mwezi umodzi mpaka zaka 3, ndi 16 kwa khanda losakwana mwezi. Kumwa pasadakhale popanda kuuzidwa ndi azaumoyo sikuteteza kanthu, ndipo kungathe kusokoneza chithokomiro. Ayodini wopaka pabala asamwedwe ngakhale pang'ono.

Zonena za "anthu onse"

Mudzamvanso kuti anthu onse a ku Russia akugwirizana ndi nkhondoyi, kapena kuti dziko lonse lapansi laitsutsa. Kafukufuku wa bungwe la ku Russia la Levada Center amaonetsadi anthu ambiri akuvomereza zochita za asilikali awo, koma kumbukirani kuti lamulo la pa 4 Malichi 2022 limalola kumanga munthu mpaka zaka 15 chifukwa chofalitsa zomwe boma likuti ndi zabodza zokhudza asilikali. Munthu wofunsidwa ndi mlendo pansi pa lamulo lotere sayankha momasuka. Yerekezani manambalawo ndi anthu zikwizikwi omwe adamangidwa pa zionetsero malinga ndi bungwe la ku Russia loona za ufulu wa anthu la OVD-Info, komanso mizere ya galimoto m'malire a Georgia ndi Kazakhstan boma litaitana asilikali opuma. Ku United Nations, pa 2 Malichi 2022, mayiko 141 adadzudzula Russia, asanu adakana, ndipo 35 sadavote mbali iliyonse, kuphatikizapo China, India ndi South Africa. Chigamulo chotere chimaonetsa maganizo a maboma, koma chilibe mphamvu yokakamiza. Nthambi ya Security Council, yomwe ili ndi mphamvuyo, singachite kanthu chifukwa Russia ili ndi ufulu woletsa chigamulo chilichonse, ndipo idaugwiritsa ntchito pa 25 Febuluwale 2022.

Pa kawerengedwe ka tsiku ndi tsiku, sankhani nthawi ziwiri zokha, m'mawa ndi madzulo, mphindi 15 iliyonse, ndipo zimitsani mauthenga odzidzimutsa a mapulogalamu ankhani. Mapu a Institute for the Study of War amatuluka tsiku lililonse ndipo amasonyeza ngati malire a nkhondo asunthadi. Mwana akafunsa ngati nkhondoyo ifika kwanu, muonetseni pamapu pomwe ikumenyedwa, muyankhe funso lomwe wafunsa lokha, ndipo musamuonetse mavidiyo a anthu ovulala. Ngati mukufuna kuthandiza othawa nkhondo, lembani nokha adiresi ya webusaiti ya UNHCR (nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo) kapena ICRC (Red Cross) m'malo modina linki yomwe mwatumiziridwa, chifukwa akuba adatsegula masamba abodza ambiri opempha chithandizo cha Ukraine nkhondo itangoyamba.