Mmene mungatetezere seva ya Linux kuti OpenSSL isaimitsidwe ndi satifiketi yabodza

Amene muli ndi seva, vuto ili musalipeputse ayi. Pa 15 March 2022 opanga OpenSSL, pulogalamu yoteteza mauthenga a pa intaneti, anatulutsa chigamba (chokonzera pulogalamu) cha vuto lotchedwa CVE-2022-0778, lomwe Tavis Ormandy, yemwe panthawiyo anali wa ku Google, anatulukira. Munthu akatumiza satifiketi (chiphaso cha pa intaneti) yopangidwa mwachinyengo, kachigawo kena ka OpenSSL kotchedwa BN_mod_sqrt kamangozungulira osatha, purosesa nkufika 100%, seva nkusiya kuyankha anthu. Sakuba kanthu, koma ntchito yaima basi.

Choyamba lembani openssl version mu terminal (polembera malamulo) kuti muone nambala ya OpenSSL yanu. Zokonzedwa ndi 1.1.1n komanso 3.0.2 kupita mtsogolo. Koma apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, Ubuntu ndi Debian, mitundu ya Linux, amaika chigambacho osasintha nambala yaikulu, ndiye mutha kuona nambala yakale chonsecho muli otetezeka kale. Kuti mutsimikize lembani apt changelog openssl mufufuze ngati CVE-2022-0778 yatchulidwamo.

Ngati palibe, lembani sudo apt update kenako sudo apt upgrade. Mukatero musaiwale kuyambitsanso nginx, Apache, Postfix, chilichonse chogwiritsa TLS (njira yobisira mauthenga pa intaneti), chifukwa mapulogalamu omwe anayatsidwa kale amakhalabe akugwira OpenSSL yakale mu memory, ndipo ine ndimati kungozimitsa seva yonse nkuiyatsanso ndi bwino kuposa kumangoganiza kuti zatheka.

Seva ikayamba kulemera mwadzidzidzi lembani top mu terminal muone pulogalamu yomwe ikudya purosesa. Komanso opanga OpenSSL anasiya kuithandiza 1.1.1 mu September 2023, ndiye ngati mukadali pamenepo konzani zosamukira ku OpenSSL 3.