Kuyang'anira netiweki muli kutali: poyambira pake kwa ife a ku Mulanje ndi Thyolo

Achinyamata ambiri m'maboma athu ano asenza udindo wosamalira intaneti ya pasukulu, pachipatala chaching'ono, pamalo ogona alendo ku Likhubula, ena akugulitsa Wi-Fi pa Chitakale, Limbuli, Luchenza ndi Bvumbwe. Dandaulo lawo limafanana. Foni ilira, munthu akuti intaneti yathawa, iwo n'kulipira kabaza ulendo wautali, kukapeza kuti wina anazula pulagi ya rauta kuti atchaje foni. Ndalama yapita, tsiku lapita. Mapulogalamu oyang'anira zipangizo muli kutali amathetsa zotere, koma ndimaona anzathu akuyambira pa zovuta n'kugwa ulesi mwezi usanathe. Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi funso limodzi lokha: chipangizo chakuti chili moyo kapena ayi?

Musanaike pulogalamu iliyonse, tengani kope. Lembani chipangizo chilichonse, kaya ndi rauta, switchi, kamera, pulinta kapena mbale ya wailesi ili pamlongoti, dzina lake, pomwe chili, ndi komwe chimatenga magetsi. Chilichonse chikhale ndi adiresi ya IP (nambala yomwe chipangizo chimadziwika nayo pa netiweki) yosasinthasintha. Maina ake akhale omveka ngakhale mutadzidzimuka kutulo, monga "rauta ya ofesi ya ahedi", osati manambala a kufakitale.

Pulogalamu yoyambira yomwe ndimalimbikitsa ndi Uptime Kuma. Ndi yaulere, anailemba ndi Louis Lam ndipo inatuluka mu 2021. Imayenda pa kakompyuta ka Raspberry Pi kapena laputopu yakale yomwe mwaikamo Linux, ndipo mumaitsegula pa browser kudzera pa port (nambala ya khomo lolowera mu pulogalamu) 3001. Ntchito yake ili ngati ya kapitawo wa kuesiteti ya tiyi poitana maina m'mawa: masekondi 60 aliwonse imatumiza ping, kauthenga kofunsa ngati chipangizo chilipo, ku chipangizo chilichonse, chikayankha imalemba zobiriwira, chikakhala chete imalemba zofiira n'kukutumizirani uthenga pa Telegram kapena imelo. Basi. Milungu yoyambirira musafune zoposa apa.

Pali mfundo yomwe ambiri amaiphonya, ndipo ndikufuna muimvetse bwino. Kompyuta yoyang'anirayo ikakhala m'chipinda chimodzi ndi rauta, pa soketi imodzi, magetsi akathima zonse zimazimira limodzi, wokuuzani palibe. Inu mudzakhala mukuti zonse zili bwino chifukwa foni ili zii. Choncho ipatseni batire yakeyake, kapena iikeni kwina, pa seva yobwereka pa intaneti. Koma apa pabwera vuto lina: mukamagwiritsa ntchito SIM ya TNM kapena Airtel, ngakhalenso Starlink yomwe inafika m'Malawi mu 2023, nthawi zambiri adiresi yanu ya pa intaneti mumagawana ndi makasitomala ena, ndiye wa kunja sangagogode pakhomo panu. Njira yake n'kutembenuza zinthu. Uptime Kuma ili ndi mtundu wa kuyang'anira wotchedwa push, pomwe rauta yanu ndiyo imatumiza kauthenga kakuti "ndilipo" nthawi ndi nthawi. Ikasiya kutumiza, mumadziwitsidwa. Pa rauta ya kampani ya MikroTik izi mumakonza ndi Scheduler, yomwe imabwereza ntchito pa nthawi yomwe mwaika, komanso lamulo la fetch lotumizira kauthengako, ndipo bandulo yomwe zimadya ndi yochepa kwambiri.

Mauthenga asachuluke. Netiweki yathu imaphethira kawirikawiri, ndipo foni ikamalira pa kuphethira kulikonse mudzayamba kuinyalanyaza, tsiku la vuto lenileni osaimva. Ikani kuti pulogalamu iyesenso katatu kapena kanayi isanakudzutseni. Dziwaninso kuti rauta yaikulu ikagwa, zonse za kumbuyo kwake zimafiira pamodzi. Musathamangire makamera, yambani ndi chomwe chili kumutu.

Mukazolowera zimenezi, ndiye mubwere ku SNMP. Iyi ndi njira yakale, ya mu 1988, yomwe zipangizo zimafotokozera za m'kati mwake kudzera pa port 161: data yomwe yadutsa, kutentha, mphamvu ya siginolo, nthawi yomwe chakhala chiyakire. Mapulogalamu a Zabbix ndi LibreNMS ndi aulere ndipo amajambula zonsezi m'magirafu. Amene mumakonda Windows, PRTG imalola masensa 100, kutanthauza zinthu 100 zoti iziyeza, osalipira.

Phindu lenileni la kuno kwathu lili m'magirafuwa. Taganizani mbale ziwiri zoyang'anizana, ina pasukulu ina pachitunda. Poiika siginolo inali -60 dBm (muyeso wa mphamvu ya siginolo: nambala ikamatalikira ziro, siginolo ikufooka), yabwino ndithu. Pakutha pa miyezi girafu ikuonetsa -68, kenako -75, kutsika pang'onopang'ono. Chipangizo sichinafe ayi. Kawirikawiri ndi mitengo ya bulugamu yomwe yakula n'kulowa pakati, kapena mphepo yapotoza mbale. Mumapita ndi chikwanje ndi sipanala anthu asanayambe kudandaula. Chimodzimodzi batire ya sola. Ya mavoti 12 ya mtovu ikadzadza imawerenga pafupifupi 12.7, ikafika cha pa 12.0 ndiye kuti theka la mphamvu kapena kuposa lapita. Nyengo ya chiperoni, kuyambira May mpaka August, phiri likafunda mtambo masiku angapo dzuwa osaoneka, mudzaona mzere wa mavoti ukutsika m'bandakucha uliwonse kuposa dzulo lake. Rauta zina za MikroTik zimanena zokha mavoti omwe zikulandira. Mukaona mavoti akutsika choncho zimitsani makamera ena kapena Wi-Fi ya alendo usiku, kuti ofesi isagone mumdima. Ndipo ngati nthawi yomwe rauta yakhala chiyakire imabwerera pa ziro tsiku lililonse cha m'ma 6 koloko madzulo, musavutitse kampani ya intaneti, vuto ndi magetsi kapena munthu wozula pulagi uja.

Tsopano za kulowa m'chipangizo n'kusintha zinthu muli kutali. Apa ndikupemphani kwambiri, abale anga: musatsegule Winbox, pulogalamu yosinthira makonzedwe a rauta za MikroTik yomwe ili pa port 8291, kapena tsamba la rauta kuti lioneke kwa aliyense pa intaneti. Mu 2018 akuba a pa intaneti analanda marauta a MikroTik zikwizikwi padziko lonse kudzera pa chibowo cha mu Winbox. Lowani kudzera pa VPN, njira yobisika yolowera mu netiweki yanu muli kutali, monga WireGuard kapena Tailscale. WireGuard ilimo kale mu RouterOS 7, pulogalamu yoyendetsa rauta za MikroTik, ndipo Tailscale imagwira ntchito ngakhale adiresi yanu ili yogawana. Sinthani pasiwedi yobwera ndi chipangizo, sinthaninso mawu akuti "public" omwe SNMP imakonda kubwera nawo, ndipo ngati chipangizo chikulola gwiritsani ntchito SNMPv3 yomwe imabisa mauthenga.

Musanasinthe kanthu muli kutali, sungani kope la makonzedwe a rauta pa kompyuta yanu, kenako dinani Safe Mode mu Winbox. Mukalakwitsa n'kudzitsekera kunja, rauta imabwezera yokha zomwe mwasinthazo. Popanda izi, kulemba molakwika mzere umodzi wa firewall (malamulo osankha zololedwa kulowa mu netiweki) muli ku Thyolo boma kungakuyendetseni mpaka ku Thekerani. Musachite zosintha zikuluzikulu Lachisanu madzulo, kapena mvula ya ziphaliwali ikuwunjikana.

Namondwe wa Freddy mu March 2023 anationetsa kuti misewu ndi milatho ya kuno ingaduke munthu osafika kumalo kwa masiku. N'chifukwa chake pamalo aliwonse pamafunika munthu mmodzi, kaya ndi mlonda, mphunzitsi kapena kalaliki, yemwe mwamuonetsa pulagi yoyenera ndi tanthauzo la timagetsi ta pa rauta. Matani kapepala pakhoma, nambala yake ya foni muilembe m'kope lija pambali pa dzina la chipangizo, ndipo muzimuikira mayunitsi pang'ono mwezi uliwonse kuti azitha kukuimbirani.