Kodi kashopu ka nsomba zosowa kangayende mu Harare?

Achimwene, mwafunsa ngati kashopu kogulitsa nsomba zosowa zoweta m'matanki agalasi, monga mbuna zakwathu, kangakupindulireni kuno. Kangathe, koma musathamangire kuchita lendi.

Yambani ndi magetsi. Mbuna zimafuna madzi ofunda, madigiri 24 mpaka 28, pomwe usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira zedi. Magetsi akathima, hita ndi pampu zimaima, kukacha mupeza nsomba zayandama chagada. Choncho sola ndi batire zikhalepo musanagule nsomba ngakhale imodzi.

Kenako madzi. A khonsolo amakhala ndi klorini, a pamjigo ndi abwinoko, koma yezani pH (muyeso wa asidi m'madzi) ikhale pafupi ndi 8 ngati ya m'Nyanja ya Malawi. Tanki yatsopano musaidzaze nsomba: fyuluta imafuna milungu 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya owononga poizoni wa m'ndowe achuluke.

Zachilolezo cholowetsera nsomba zamoyo kafunseni ku ZimParks, bungwe la boma la Zimbabwe loyang'anira nyama zakutchire. Zobisa m'chikwama podutsa pa chipata cha m'malire cha Nyamapanda, ayi ndithu.

Phindu lenileni lili pakuswetsa nokha. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi milungu 3, osadya, masaya ali tutumu. Ikalavula ana, alereni mutanki yawoyawo.

Gulitsirani kunyumba kaye pa WhatsApp, makamaka kwa a m'madera a anthu opeza bwino monga Borrowdale ndi Avondale. Shopu muitsegule makasitomala akayamba kubwereza, ndipo muikemo nsomba zofala monga goldfish ndi guppy komanso chakudya chansomba, mutengenso maganyu otsuka matanki m'maofesi, poti ogula nsomba zosowa sabwera tsiku lililonse.